Kamwendo Kachitatu ka Pulagi

"Ndati bweretsa pulayasi, Day! Ukufuna ndikugwadire?"

Tiyo Boyet amakuwa kuti amveke pamwamba pa chiphokoso cha m'masipika. Mmmmmm. Osapuma. Ngati chinjuchi chatsekeredwa m'chitini, kenako wina n'kuika maiki pa chitinicho. Jhoana pulayasiyo anali atayikhalira. Eya, kuikhalira kwenikweni, pa benchi ya m'mbali mwa bwalo la basiketi, gitala ili pamiyendo, phazi likungogunda pansi.

Tiyo Boyet ndi amalume ake, ndipo amamuitana kuti Day, kutanthauza mtsikana. Bandi ndi yawo, masipika ndi awo, mikisa ndi yawo, ndipo chaka chilichonse amaimba pa chikondwerero cha woyera San Roque chifukwa cha lonjezo lomwe anachita atachira matenda kalekale. Za Jhoana ndi gitala ndi ampu basi, komanso mawu, poti woimba ndi iyeyo. Ndiye madzulo amenewo mvula inali itangokata, simenti ya pabwalo ikunyezimira madzi, gulu lonyamula chifanizo cha woyera linali litanyamuka kale kutchalitchi. Likamalowa pabwalo limayenera kupeza nyimbo. Osati njuchi.

Jhoana anali atayesa zonse, mpaka thukuta. Anatsitsa voliyumu ya gitala mpaka ziro, phokoso lilipo. Anazula timabokosi topondaponda ta gitala kamodzikamodzi, lilipo. Anasintha waya, anazungulira ndi gitala ngati akufuna netiweki, anazimitsa fani, anauza Dodong wa ng'oma achotse foni yake pa chaja. Dodong anati mwina ndi m'mimba mwa Tiyo, adya kwambiri pansit, chakudya chonga sipageti. Palibe anaseka. Kenako Jhoana anazula waya wochoka ku ampu kupita ku mikisa, pompo zii. Anaubwezera, mmmmmm. Anazula, zii.

Ndiye anadzuka n'kulondola nthambo zamagetsi. Ya mikisa, yofiira, inadumpha mpanda kukalowa pawindo la Manang Cora. Ya ampu, yachikasu, inadutsa pamwamba pa ngalande kukalowa mugolosale ya Manang Nenita. Nyumba ziwiri, magetsi awiri, kotayira magetsi osochera kosiyana, ndipo waya wa pakati uja ndiye wazilumikiza. Phokoso limachokera pamenepo. Mankhwala ake ndi ophweka zedi: zonse zilowe mu soketi imodzi.

Koma ophweka kwa ndani? Chaka chino osamalira chikondwerero anali awiri, Cora ndi Nenita, munthu ndi mlamu wake, ndipo sapatsana moni. Wosamalira ndi amene amapereka magetsi a bandi, aliyense amadziwa. Komiti inagawa bwinobwino kuti pasakhale ndewu, nthambo imodzi uku, ina uko. Ukazula ya mmodzi, wamuvula pagulu.

Tiyo Boyet anati iwo sangalowe nkhani za azimayi aja. Njira yawo ndi yomwe akhala akuchita chiyambire: kuthyola kamwendo kachitatu ka pulagi ya ampu, kozungulira kaja, phokoso n'kutha, anthu n'kuvina. Anati mapulagi onse kwawo ndi a miyendo iwiri ndipo palibe anafa.

"Tiyo, kamwendo kameneko ndi kamene kamatayira pansi magetsi osochera," anatero Jhoana. "China chikaphotchoka mu ampu, abwera pa nsambo. Manja anga ali pa nsambo, mlomo pa maiki, mapazi m'madzi. Njira yake ndikhala ineyo."

"Wawerenga pa foni zimenezo."

"Eya, pa foni. Nyesi imafunsa kuti munawerenga kuti?"

Anawapempha maiki ina kuti aike kutsogolo kwa ampu, waya uja achotseretu. Maiki inayo inali kwa wolengeza, akuyeserera kale mayina a alendo, ndipo sakanaipereka ngakhale kwa bambo mfumu. Chapatali kunamveka mabomu a chikondwerero, pho pho, kusonyeza kuti gulu lakhota pa msika. Tiyo anayang'ana kumsewu, anapukuta khosi, anayang'ananso. Munthu wamkulu, akuopa kuti woyera amupeza chete.

Jhoana anaika pulayasi m'thumba la jinzi, anapatsira Dodong gitala, nati amudikire, asakhudze kanthu. Anathamanga.

Manang Nenita anali kuseri kwa golosale akuthira msuzi pa nkhumba yootcha, ndipo asanamve n'komwe anayamba. Anati akudziwa, Cora ndi amene wamutuma. Anati nthambo yawo ndi yatsopano, ya Cora ndi yomata ndi selotepi, ngati pali phokoso likuchokera kwa Cora, pakamwa pake pomwe mpotero. Jhoana anangoti eya Manang, zoona Manang, mapazi akuyabwa, maso ali kumsewu. Anafotokoza za nyumba ziwiri, Manang anati iwo za sayansi ayi. Anafotokoza za nyesi, Manang anati avale nsapato za labala.

Kenako Jhoana anaona kaguwa kokhazikapo woyera, pakona pa bwalo, kokutidwa maluwa ndi timababu tambirimbiri tomwe tinali tisanayatsidwe. Zinangomubwerera.

"Manang, ine ndimadabwa. Nthambo yatsopano ngati yanu ikuyatsa gitala yanga, pomwe San Roque akhala mumdima?"

Manang Nenita anaimitsa chipande. Anafunsa kuti timababuto tilowa kwa ndani. Jhoana anati palibe waganiza, mwina Cora atenga. Basi nkhani inathera pomwepo. Manang anati aitenge nthamboyo msangamsanga apititse kwa woyera, gitala ikadye magetsi a Cora, ndipo wolengeza atchule bwinobwino kuti kuwala kwa paguwa ndi kwa banja la ndani. Anamukankhira kachikopa ka nkhumba m'manja, kotentha, kokhukhuta.

Jhoana anabwerera akuseka yekha, akutafuna, akudumpha zithaphwi. Shuwa zatheka. Aliyense wawina, ngakhale woyera.

Atafika pageti la bwalo anaima. Kunali zii.

Masipika oyaka, timagetsi ta mikisa tikuphethira, waya wa pakati uja uli m'malo mwake, nthambo yachikasu ikadali pa ampu. Koma njuchi kulibe. Dodong amayang'ana ng'oma zake ngati waziona koyamba. Tiyo Boyet anali chiimire, akumwetulira, atanyamula gitala.

"Wamva? Mbee. Bwera, afika pa mlatho."

Jhoana anagwada pa soketi n'kuzula pulagi ya ampu yake. Miyendo iwiri. Pachitatu panali kachitsa kopindika, kowala, kothyoka kumene. Pambali panali sipanala ya njinga yamoto ya Dodong. Tiyo sanafunenso pulayasi, anangopindapinda kamwendoko mpaka kuduka.

Jhoana anawauza, mawu ali pansi, kuti Manang Nenita avomera, zonse zikanalowa mu soketi imodzi, phokoso likanatha lokha. Tiyo anati ndiye bwino, alowetse konko, zonse zili bho. Jhoana anati kaya alowetse kuti, ampuyo tsopano ilibe kotayira magetsi, ndipo pulagi ina saipeza lero, mashopu onse atseka. Tiyo anati mawa amugulira ziwiri. Anati ndi nyimbo zochepa chabe, asachite ngati mwana, aime pa katoni ngati akuopa madzi.

Nyimbo za gulu zinayamba kumveka, amayi akuimba, makandulo akuoneka kumapeto kwa msewu. Ana anathamangira kugeti. Wolengeza anayamba kukuwa mayina. Jhoana anayang'ana maiki, chitsulo chake chili ndi timadontho ta mvula. Anayang'ana masilipasi ake onyowa.

Tiyo anamukoleka lamba wa gitala m'khosi okha, mofatsa, ngati momwe ankachitira ali wamng'ono.

"Day, chonde. Ndinalonjeza kwa woyera."

"Munalonjeza ndinu, Tiyo. Ikani mlomo wanu."

Jhoana anazula waya pa gitala, anaikoloweka kumsana, n'kutulukira geti lakuseri.