Masamba a Pakona

Linali Lolemba, ndipo amene anafotokoza zonsezi ndi a Idesi eni ake, mayi wamasiye wa ku Kadewere. Akuti kunja kusanayere bwino anali atathyola kale nthambi za mango kuseri kwa nyumba n'kuzikokera kumsewu. Anayala masamba ena kumtunda kwa kona, ena kumunsi, monga amachitira anthu pakagwa maliro kuti magalimoto adziwe. Atatha anaima pambali, chitenje chili kumutu, akudikira.

Minibasi yoyamba yopita ku Limbe inabwera nyimbo zikulira. Dalaivala ataona masamba aja anazimitsa wailesi, n'kudutsa pang'onopang'ono ngati wanyamula wodwala. Kumbuyo kwake kunali bambo wina wa njinga yakapalasa. Ameneyo anatsika, anavula chipewa, n'kuyamba kuikankha njingayo.

A Idesi anapumira m'mwamba. Kenako anabwerera kunyumba kukakonzetsa ana kuti azipita kusukulu.

Maliro panalibe. Amuna awo, a Overtone, anali ataikidwa kale sabata yathayo, ndipo abale anali atameta n'kubalalika. A Overtone anafera pakona pomwepo. Ankachokera kudimba, akukankha njinga yodzaza kabichi, ndipo atangotuluka m'kanjira ka kumudzi kulowa pamsewu, lole ya mchenga inawapeza. Dalaivala wake ankangolumbira kuti sanawaone. Palibe amene anamukhulupirira. Munthu wamkulu, njinga ndi dengu, dzuwa lili phwee, angalephere bwanji kuoneka?

Kanjira komweko ndi kamene Sungani ndi Misozi, ana a a Idesi, ankadutsa tsiku lililonse popita kusukulu, yomwe inali tsidya lina la msewu. Mayi awo sankagona nazo zimenezi. Atangoona kuti masamba a maliro a amuna awo auma ndipo magalimoto ayambanso kuthamanga, anaganiza zoika ena.

Dzuwa litakwera, pakhomo panafika a Maluwa, mayi wachikulire wa kutsidya kwa mtsinje. Anasenza mtolo wa nkhuni, kumanja atanyamula kambale ka ufa. Anayamba kulirira kunjira monga mwa mwambo, koma atafika pabwalo anapeza a Idesi akutsuka mbale, nkhuku zikungoyendayenda. Kulira kuja kunathera pakhosi.

"Amake Sungani, nanga watisiyanso ndani?"

"Palibe, amayi."

"Nanga masamba ali pamsewuwa?"

"Ndaika ndine. Ndimafuna magalimoto azidutsa bwino."

A Maluwa anatula nkhuni, n'kukhala pansi akusisita mawondo.

"Mwana iwe, wandiwolotsa mtsinje ndi miyendo iyi. Misozi yanganso ndataya yambiri m'njiramu, ndikaitolanso kuti?" Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunapite patali. "Ufawu landira, sindingabwerere nawo. Koma masamba aja si oseweretsa. Anthu anena kuti ukuitana maliro ena."

Mawu amenewa sanachedwe kufika kwa a Rafaeli, achimwene awo a a Idesi, amene ankayang'anira mbumba yonse chimwalirireni makolo awo. Anabwera masana omwewo. Anakana mpando, anaima chiimire pafupi ndi khonde.

"Achemwali, zimene ndikumvazi n'zoona?"

"N'zoona, achimwene."

"Maliro tinaika. Tinameta. Abale a alamu anapita kwawo mitima ili pansi. Tsopano mukufuna akamve kuti kuno tikulira maliro osatha? Aziti tikudziwapo chiyani pa imfa ya m'bale wawo?"

"Anene zimene anganene. Ana anga amawoloka pamenepaja."

"Ana a anthu onse amawoloka msewu."

"Ndiye tikuwaika chaka ndi chaka," anatero a Idesi. Sanakweze mawu. "Chaka chimene anathira phula tinaika mwana wa a Andrea, kumlatho kuja. Chaka chotsatira, atsikana awiri ochokera kuchigayo. Chaka chatha njinga zamoto zitachuluka, ndinasiya n'kuwerenga komwe. Chaka chino afika m'nyumba mwanga."

"Wailesi ikuti chaka chino ngozi zachepa poyerekeza ndi chaka chatha."

"Zachepa kunyumba kwa ndani?"

A Rafaeli anayang'ana kumbali. Ankaoneka ngati munthu amene sanagone masiku angapo. A Idesi anaganiza kuti ndi kutopa kwa maliro, poti ndiwo anathamanga ndi zonse, za bokosi, za kuchipatala, za kupolisi.

"Ine ndikamadutsa pamenepaja sindifuna kuona masamba," anatero a Rafaeli. "Mwamva? Sindifuna."

Anachoka osatsanzika. M'mawa mwake a Idesi anathyolanso nthambi.

Kwa masiku angapo zinthu zinayenda monga ankafunira. Magalimoto ankafika pakona mwaulemu. Sungani ankagwira dzanja la mlongo wake n'kuwoloka, mayi awo akuwayang'ana mpaka atalowa pampanda wa sukulu. Mtengo wa mango unayamba kuoneka ngati wadyedwa ndi mbuzi mbali imodzi. Amayi a kutchalitchi anasiya kudutsira pakhomopo popita kumjigo, ndipo ena akakumana nawo ankangopereka moni wapakamwa n'kufulumira.

Kenako madalaivala anazolowera. Anali omwewomwewo tsiku lililonse, ndipo maso anali nawo: panalibe utsi wa pamaliro, panalibe nyimbo, panalibe azibambo okhala pansi pa mtengo. Woyamba kuponda masamba osachepetsa liwiro anali wa lole ya njerwa. Tsiku lina kondakitala wa minibasi anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa:

"Mayi, malirowa simunaikebe? Anunkhatu!"

Anthu m'galimotomo anaseka. A Idesi anatola nthambi zimene zinauluzika ndi mphepo ya minibasiyo n'kuzibwezera pamalo pake. Anaonjezera zina zikuluzikulu.

Sabata yotsatira kunagwa maliro enieni. Anamwalira a Gregorio, nkhalamba imene inkakhala chakumunsi pang'ono kwa kona ija. Anyamata anaika masamba pamsewu monga mwa nthawi zonse. Manda a mudziwo ali kutsidya kwa msewu, choncho pa tsiku loika, anthu onyamula bokosi anayenera kuwoloka. Kwaya inali patsogolo, amayi pambuyo. Bokosi litafika pakati pa phula, minibasi inatulukira pakona ili pa liwiro lake lonse. Mabuleki analira. Onyamula anabalalika, bokosi linapendekeka n'kugunda pansi ndi ngodya imodzi. Mdzukulu wa malemuyo anagwera m'ngalande n'kuthyoka mkono.

Anthu anamuzungulira dalaivala uja. Iye anakweza manja m'mwamba.

"Pepani, makolo anga, pepani. Ine ndimayesa ndi masamba a mayi aja. Tsiku lililonse amakhalapo, tingadziwe bwanji?"

Palibe amene anatchula dzina. Koma a Idesi, amene anali pakati pa amayi oimba, anaona mitu ikutembenuka umodziumodzi. Kumanda sanafike. Anabwerera kunyumba, anatseka chitseko, n'kukhala pamphasa mpaka ana atabwera.

M'mawa mwake anadzukabe. Sankadziwa china choti achite. Anathyola nthambi zochepa zimene zinatsala zofikirika, n'kuyamba kuzikoka. Atafika pamsewu anapeza a Rafaeli atakhala pamwala, akuwadikira.

A Rafaeli anaimirira, anawalanda nthambizo n'kuziponya m'ngalande. A Idesi anatsikira momwemo kukazitola. Achimwene awo anawagwira mkono.

"Dzulo tikanaika anthu angati, achemwali?"

"Ndisiyeni."

"Mwawaphunzitsa madalaivala kuti masamba ndi bodza. Tsopano ngakhale ife tikadzafa, adzatiponda tili m'bokosi."

"Ndiye ndichite chiyani?" Apa mawu a a Idesi anasweka. "Ndiuzeni inuyo, poti ndinu aakulu. Ndiziwatsekera m'nyumba anawa? Kuboma munapita, anakuuzani kuti zoika mabampu aziona. Aziona liti? Misozi akadzagona pamene anagona bambo ake?"

A Rafaeli anawasiya mkono. Anayang'ana phula. Kenako anati, "Tiyeni kuno."

Anayenda nawo chokwera msewu, mbali imene inachokera lole ija. Atapitirira kona anaima n'kuwatembenuza.

"Taimani apa. Yang'anani kumudzi. Kanjira kathu mukukaona?"

A Idesi anayang'ana. Kanjira sikankaoneka. Chimene chinkaoneka ndi nandolo wa m'munda mwawo, munda umene anawasiyira mayi awo. Chimanga anali atakolola kale, koma nandolo anali ataima wamtali kuposa munthu, wobiriwira, atayamba kubereka, kuchokera kumtunda mpaka kukafika m'mphepete mwenimweni mwa ngalande. Munthu wotuluka m'kanjira kaja akanaonekera pokhapokha phazi lake litaponda phula.

"Dalaivala uja sananame," anatero a Rafaeli.

A Idesi anapitiriza kuyang'ana nandolo uja.

"Zaka zonsezi ngozi zimachitika kumlatho, kuchigayo, kusitolo. Pakona pano panali pasanafe munthu. Munayamba mwadzifunsapo chifukwa chake? Mizere yakumsewuyi, chikwatiwireni inu, inayamba yamerapo mbewu?"

"Simamera. Mbewa zimafukula. Bambo ake Sungani ankati ndi mbewa za m'ngalandemu."

"Si mbewa."

A Rafaeli anakhala pansi m'mphepete mwa msewu.

"Ine ndinawaona alamu chaka china, ndikuchokera kudimba. Inu munali kumtunda uko ndi mbale yanu ya mbewu. Iwo anali m'mizere yakumsewuyi. Amakumba phando, amawerama, amatambasula dzanja, amakwirira ndi phazi. Phando lina, chimodzimodzi. Nditayandikira ndinaona kuti m'dzanjamo mulibe kanthu. Amakwirira dothi lokhalokha. Atandiona anangoseka, amvekere, alamu musakanene, achemwali anu angandithamangitse pamudzi."

A Idesi anagwira pakamwa. Anakumbukira mmene ankakalipira chaka chilichonse poona mizere ija ili mbee, ndi mmene amuna awo ankanyamulira khasu mwakachetechete kupita kukabwereza kudzala. Ankapitadi. Ankawaona ali chiweramire mpaka dzuwa kutentha. Ndipo sipankamera kanthu.

"Bwanji sanangondiuza?"

"Akanayambira pati? Munthu wobwera, munda wa apongozi ake, malo ochepa chonchi. Mkamwini anene kuti mizere iyi isadzalidwe, ife tikanamumvera? Inuyo mukanavomera?"

A Idesi anadziwa kuti sakanavomera.

"Chaka chathachi," anapitiriza a Rafaeli, "mvula yoyamba inagwa alamu ali m'chipatala ndi vuto la mwendo lija, inu mukuwadwazika. Munda uno ndinadzala ndine. Nditapita kukawaona, inu mutatuluka kukatunga madzi, anandikoka malaya. Amvekere, alamu, mizere yakumsewu ija muisiye. Ine ndinaseka. Ndinati mwayamba liti kulamula pamunda wa amayi anga? Ndinadzala yonse, mpaka m'ngalande. Ndinkati ndikukuthandizani."

Anapukuta nkhope ndi chikhatho.

"Atatuluka m'chipatala anabwera kudzaona. Mbewu zinali zitamera bwino, mzere uliwonse. Anaima pamene mwaimapo, nthawi yaitali. Ndinkayembekeza kuti akwiya, kapena abwera mobisa kudzazula. Koma angazule bwanji zimene wadzala mlamu wake? Anangoti, alamu, mwagwira ntchito, zikomo."

Kumunsi kunamveka kulira kwa njinga yamoto. Inadutsa pakona osachepetsa liwiro, itanyamula mayi ndi mwana kumbuyo ndi thumba la ufa. Onse awiri anaitsatira ndi maso mpaka inazimiririka.

A Idesi anayang'ananso nandolo uja. Akanangodikira mwezi umodzi, akanathyola. Ndiye anali ndiwo za ana, ndiye anali sopo ndi mayunifolomu, m'chaka chimene panalibenso wopita kudimba. Mizere yakumsewuyo ndi imene inabereka kwambiri, poti nthaka yake inali itagona zaka zambiri osadyedwa.

Kumudzi kunamveka mawu a Sungani akuitana mlongo wake kuti afulumire, belu latsala pang'ono kulira.

Pofotokoza, a Idesi akafika pamenepa amaika manja pamiyendo.

"Achimwene ankalira," amatero. "Ine sindinawatonthoze, komanso sindinawakalipire. Ndinawauza kuti aime pakanjirapo awolotse anawo. Ineyo ndinapita kunyumba kukatenga zikwanje ziwiri."