Muzu Wachitatu

Tsaya la Telala linatupa ngati wabisamo ndimu. Dzino lakumbuyo, lomwe dokotala analitsuka mizu n'kulimata, linali litayambanso kuwawa. Ngakhale mapini ankalephera kuwaluma posoka.

Amayi ake anafika kushopu n'kukhala pamulu wa nsalu.

"Kazulitse, mwanawe. Dzino limenelo ndi lakumtundu. Ine linandichoka, azakhali ako linawachoka. Iwe ndiwe ndani?" Anayasamula kuti amuonetse gweru lawo.

"Tsekani pakamwa, amayi, makasitomala angathawe."

Mlongo wake, wokonza njinga, anasuzumira pakhomo akugwedeza chopanira chamafuta. "Bwera kuno, mlongo. Kamodzi n'kamodzi, ngati msomali m'tayala!"

"Kazule ako! Langali silichoka. Sindikufuna kutafunira mbali imodzi ngati mbuzi moyo wanga wonse."

Telala anafunditsa makina ake nsalu, ulendo kuchipatala. Atakhala pampando wopendekeka wa dokotala wa mano uja sanadikire n'komwe moni.

"Adokotala, sindinabwerere kuzula. Munati lipola, silinapole. Lioneninso."

Dokotalayo sanakwiye. "Mwachita bwino kubwera, mayi. Kwanu alipo amene linawavutapo dzino lomweli?"

"Mtundu wonse. Tikaseka pamodzi timaoneka ngati mpanda wothyoka."

Dokotala anajambulanso dzinolo, koma ulendo uno chapambali. Kenako analoza pachithunzi.

"Anthu ambiri dzino ili limakhala ndi mizu iwiri, ndipo iwiriyo ndinaitsuka. Lanuli lili ndi itatu. Wachitatu ndi uwu, unabisala kuseri kwa unzake pachithunzi choyamba. Mafinya atsalira m'menemo."

"Ndiye ndine wolumala?"

"Ayi. Mizu ya mano imasiyana ngati mphuno. M'mitundu ina ya anthu muzu wachitatu umapezeka kawirikawiri, mwa ina mwa apo ndi apo, ndipo umatha kuyenda m'magazi. Mwina n'zomwe zinavuta kwanu."

"Lipulumuka?"

"Likhoza. Koma mubwera kangapo, ndipo pamafunika kupirira."

"Ndinaphulapo diresi la ukwati lonse n'kulisokanso. Yambani."

Dokotala anachotsa chomatira, anatsuka muzu wobisikawo, ndipo ulendo wotsiriza anamatanso. Chotupa chinaphwa, ululu unatha.

Tsiku lina amayi aja anamupeza Telala akukukuta mtedza, mbali ya dzino lomwe lija.

"Koma mwanayu ndi wamakani," anatero, lilime likufufuza pagweru. Kenako anawonjezera: "Mng'ono wako naye layamba kumuwawa."

"Mumuuze asayandikire wanjinga uja. Mawa ndimuperekeza, ndipo ndikanena ndekha kuti kwathu mizu timakhala nayo yambiri."

Nkhani yake ndi yomweyo. Mizu ya mano si yofanana mwa anthu onse. Dzino likapitiriza kuwawa atalikonza, musathamangire chopanira. Bwererani kuchipatala, fotokozani za mano a kwanu, ndipo pemphani kuti alijambulenso. Dzino la munthu wamkulu silimera kawiri.