Woyendera Misewu Anafika Kutangocha

Kwa zaka zinayi, msewu wa Mayi Tsache unkakhala womaliza pa lipoti la khonsolo. Dzinali anawapatsa ndi mavenda, poti ankasesa msewu wodutsa pamsika m'mamawa, n'kuusiya uli mbee. Koma woyendera misewu ankafika masana, makoko a nthochi ndi majumbo zitadzazanso. Ankayang'ana pansi, kuyang'ana zithunzi zinayi za pakhadi lake, n'kuchonga chomaliza: wauve kwambiri.

Tsiku lina kutangocha, Mayi Tsache anapeza mtsikana wovala jekete ya khonsolo ataima pakona, khadi lili m'manja.

"Mwasochera kodi, mwanangu? Anzanu amabwera dzuwa lili paliwombo."

"Ndine woyendera watsopano, mayi. Ndikufuna ndiuone msewuwu mukangomaliza kusesa, masana ndibweranso."

Anayenda nawo mpaka kumapeto, akusuzumira ndi m'ngalande momwe, kenako anachonga chithunzi choyamba: waukhondo kwambiri. Masana anabweradi n'kuwerenga mabini a zinyalala: awiri okha, msika wonsewo!

Patatha mwezi, lole ya khonsolo inatsitsa mabini khumi. Mtsikana uja anawapatsanso Mayi Tsache lipoti latsopano, msewu wawo uli pamwamba. Iwo analilandira ndi manja awiri, ndipo analipinda bwinobwino n'kupita nalo kunyumba.

"Tawerengani apa, bambo a ana," anauza amuna awo, omwe zaka zonsezi ankawaseka kuti amangokausisita msewuwo.

Bambowo anawerenga kawiri, anakhosomola pang'ono, n'kudzuka mwakachetechete kukawatenthetsera madzi osamba.