Pakona ya Sipika

Ine ndili ndi matenda awiri: kuthamanga kwa magazi ndi kufuna kudziwa za eni. Oyambawo ndi amene anandichotsa pa makina osokera n'kundiponya ku jimu, kumaerobiki a sikisi koloko m'mawa. Achiwiriwo ndinangopita nawo.

M'kalasi mwathu munali mayi wina amene tinkawatchula kuti a Mapazi, chifukwa ankadumpha osavala nsapato. Malo awo anali amodzi, pakona yakutsogolo, pafupi ndi sipika. Moni sankayankha. Ambiri ankati ndi matama, koma ine chinkandisowetsa mtendere n'chakuti sankaphonya sitepe ngakhale imodzi. Aphunzitsi akasintha nyimbo, ife tinkayamba tagundana zigongono, iwo ali kale m'chimake.

Tsiku lina mwini jimu anayala mphira yokhuthala pamwamba pa matabwa onse apansi, ati pofuna kuteteza mawondo athu. Tonse tinayamika. Koma a Mapazi anasokonezeka. Ife kumanja, iwo kumanzere. Lachitatu anagunda mayi wina wachikulire mpaka kumugwetsa.

"Amayi, mukapitiriza chonchi, Lachisanu likhala lanu lomaliza," anatero aphunzitsi ali kumbuyo kwawo, akudzutsa wogwayo. "Sindingalole kuti muzivulaza anthu."

A Mapazi sanacheuke n'komwe.

Ndinawatsatira m'chipinda chosinthira zovala. Anali atakhala pabenchi, atandifulatira.

"Asisi, mwamva zimene anena aphunzitsi?"

Zii. Ndinabwereza mokweza, komabe zii. Kenako botolo langa lachitsulo linapulumuka n'kugwera pabenchipo, iwo n'kudzidzimuka. Nditaima patsogolo pawo, maso awo anapita pamilomo yanga.

"Yankhulani pang'onopang'ono," anatero. "Makutu anatseka zaka zisanu zapitazo. Nyimbo ndinkaimvera m'matabwa. Pano pansi sipakunena kanthu."

Manyazi anandigwira, poti nanenso za matamazo ndinkavomera nawo. Ndinawauza za Lachisanu.

"Kuno n'kokhako kumene ndimachita zinthu limodzi ndi anthu popanda kufunsa kuti mwati chiyani," anatero akupinda thaulo.

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ukanena, amayamba kukukuwira ngati mwana."

Ndinawapempha kuti andilole ndiuze anthu awiri okha, iwo n'kuvomera. Aphunzitsi atamva anangogwira pakamwa. Mwini jimu ndiye anayamba wauma khosi nditamupempha kuti tichotse mphira pakona ya sipika.

"Mphira yayalidwa, amayi, sichoka."

"Sindikunena yonse, bwana. Kachidutswa kokwana munthu mmodzi basi. Ine ndine telala, ndidula mowongoka."

Anavomera monyinyirika. "Ikang'ambika, nkhani ndi yanu."

Lachisanu ndinalawirira ndi sizasi yanga yaikulu. Mphira si nsalu, zala zinatupa, koma matabwa anaonekera.

A Mapazi atafika anaima n'kuyang'ana pakonapo. Anavula nsapato, n'kuponda. Aphunzitsi anayatsa nyimbo, kalasi yonse n'kuyamba, koma iwo anangoima atatsinzina. Ndinkaopa kuti mwina mphira yotsalayo ikumezabe zonse.

Kenako chala chawo chachikulu chinayamba kugogoda thabwa. Anatsegula maso, n'kutembenukira kwa aphunzitsi. Aka kanali koyamba kuti kalasi imve mawu awo.

"Takwezani pang'ono," anatero.

Aphunzitsi anakweza.