Golide wa M'mbale ya a Clarrie

A Beryl Tregonning anali atatopa nako kutchire. Chipumireni amuna awo, a Clarrie, pa ntchito ya njanji, Loweruka lililonse kunali kukoka kalavani, kukakoleza moto pakati pa mabulugama ndi kulimbana ndi ntchentche, mayiwo akuluka juzi, bambowo akusuka mchenga m'mbale yawo yachitsulo kufunafuna golide. Zimene anapeza zaka zonsezo ndi misomali, zipolopolo zadzimbiri ndi dzino la nkhosa.

Chovuta chinali lumbiro. Tsiku lina ku kalabu, mowa utawakwera, a Clarrie analumbira pamaso pa anzawo kuti sadzatuluka m'dera la Victoria mpaka ataona golide m'mbale mwawo. Anzawowo sanaiwale, sabata ndi sabata ankawakumbutsa. Tsono mwana wawo Narelle anali woyembekezera ku Perth, mzinda wakutali kwambiri kunja kwa Victoria, masiku ake atayandikira, ndipo a Beryl ankafuna mdzukuluyo adzabadwe iwo ali pomwepo. Kupita okha sikukanatheka. A Clarrie akasiyidwa okha ankangodya mabisiketi n'kuiwala mapiritsi a mtima.

"Mawa tikupita ku mudzi wachionetsero uja wa paphiri," anatero a Beryl Lachisanu, akutsuka makapu.

Aliyense m'tauni muja ankadziwa kuti ku mudziwo, kumene anamanga misewu ndi mahema ngati mmene zinalili kalekale anthu akuthamangira golide, antchito amawaza tizidutswa ta golide weniweni mu kamtsinje m'mawa uliwonse kuti alendo asabwerere chimanjamanja.

"Golide wa ana asukulu ameneyo," anatero a Clarrie.

"Ndi golide kapena si golide?"

"Ndi golide, koma..."

"Basitu. Mukonzeretu chipewa."

Atafika, a Beryl sanaime n'komwe pa sitolo ya maswiti ofiira kapena pa nyumba yopangira makandulo. Zonsezo anaziona kale Narelle ali pulayimale. Anadutsa mumsewu wamatope, nazemba ngolo ya mahatchi ndi ndowe zake, nakankha pang'ono mayi wina wovala diresi lotambasuka ngati ambulera, amuna awo akutsatira pambuyo, mbale yawo ya kunyumba ili m'khwapa. Mbale zobwereketsa alendo pamalopo anali atakaniratu kuti sazikhudza.

Kumtsinje kunali piringupiringu. Ana, makolo ndi alendo ochokera kutali anali atanyonyomala m'mbali mwa madzi, pafupi ndi mlatho wamatabwa. A Clarrie anaima, manja m'chiuno, nayang'ana mmene madzi akuyendera, napukusa mutu.

"Anthu awa sadziwa kanthu. Golide ndi wolemera, mayi a Narelle. Amakhazikika pokhota, kuseri kwa mwala. Taonani uko."

Uko kunali kumtunda, kupitirira chingwe, kumene kunalibe munthu ndi mmodzi yemwe.

"Bambo a Narelle, golide wa kuno sabwera ndi madzi. Amabwera ndi munthu wa kachitini, ndipo munthuyo sayenda mtunda. Amawaza pamlatho pomwepa n'kukamwa tiyi."

"Golide ali ndi malamulo ake," anatero a Clarrie, akudumpha chingwe.

A Beryl anakhala pa benchi, natulutsa juzi. Kumunsi kunkangomveka "Ndapeza! Amayi, ndapeza!" Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo kanapeza kawiri. Bambo wina yemwe ankagwira mbale ngati akuwopa kuti imuluma nayenso anapeza. A Clarrie kumtunda kuja ankazunguliza mbale mwaukatswiri, mokongola ndithu, ndipo chinatsala pansi ndi chitsekerero cha botolo.

Pamenepo likhweru linalira. Inali nthawi ya sewero la tsiku ndi tsiku, pamene apolisi a nthawi yakale amasaka okumba opanda chiphaso. Wapolisi wa tsikulo, wovala jekete labuluu lothina pamimba, anali a Merv Hocking, amene kale ankapereka makalata m'tauni, mmodzi mwa anzawo a ku kalabu aja. Nthawi zonse amagwira mnzawo wa sewero amene amakhala atakonzekeratu. Koma ataona munthu kuseri kwa chingwe, nkhope yawo inawala.

"Iwe wokumba iwe! Chiphaso chako chili kuti?"

"Choka apa, Merv, ukundiphimbira dzuwa."

"Merv ndani? Ine ndine wapolisi wa Mfumukazi. Anthuni, taonani chigawenga ichi! Ndevu zaimvi, golide ng'o!"

"Mfumukazi yakeyo sinakupezere jekete lokukwana?"

Anthu anaseka, mafoni ali m'mwamba. A Merv anawagwira pamkono a Clarrie n'kupita nawo pa chipika chachikulu chimene amamangirirapo akaidi ndi unyolo. A Clarrie ankatukwana chamumtima, koma ana atayamba kuwomba m'manja anayamba kudzikoka ngati mkaidi weniweni, mpaka chipewa chinagwa.

Mbale yawo inatsala pamwala.

A Beryl anaika juzi pambali. Anakwinya siketi, natola mbale ya pamalopo, nagwada pakati pa ana pafupi ndi mlatho. Chibadwire anali asanasukepo mchenga, koma munthu sungayang'ane chinthu zaka zonsezo osachidziwa. Anatapa, namiza, nagwedeza, nataya miyala yapamwamba, nazunguliza pang'onopang'ono. Madzi anali ozizira moti zala zinauma. Atapendeketsa mbale, m'mphepete mwa mchenga wotsalawo munali tinthu tachikasu, tating'ono ngati njere za therere zoswedwa, titangokhala phee osasuntha ndi madzi.

Anapezeka akungotiyang'anitsitsa osaphethira. Anadzidzudzula okha: mayi wamkulu, n'chiyani chimenechi? Anaimirira msanga, nadumpha chingwe, nakhuthulira zonse m'mbale ya amuna awo, nabwerera pa benchi n'kutola juzi.

A Clarrie anamasulidwa ataimbitsidwa nyimbo. Anabwerera kumwala kwawo, a Merv ali pambuyo kuwanyogodola. Anatola mbale, naimiza, nazunguliza kamodzi, naima.

Mchenga wa kumtunda kuja unali wakuda. Umene unali m'mbalemo unali woyera, wa pamlatho. A Clarrie anauyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka kuyang'ana pa benchi. A Beryl ankaluka mwakhama, maso pa singano, koma siketi yawo inali yonyowa m'mawondo monse muwiri. Anadziwa kuti amuna awo aona. Munthu wouma mutu ameneyu akanatha kungokhuthulira zonse m'madzi, ulendo wa ku Perth n'kuthera pomwepo.

"Merv," anaitana a Clarrie, "tabwera, wapolisi wa Mfumukazi. N'chiyani ichi?"

A Merv anawerama, mabatani a jekete akulira. "Wochita kuwazidwa uyu, achimwene."

"Ndi golide kapena si golide?"

"Ndi golide, koma..."

"Mbale ndi ya ndani?"

"Ndi yako, ndani angabe chimbale chothaitha chimenechi." A Merv anadzuka, nayang'ana pa benchi, nafinya diso. "Mayi Tregonning, nanga mawondo anyowa bwanji?"

"Ndimapempherera amuna anga," anatero a Beryl osadzutsa mutu. "Zikukukhudzani?"

A Merv anakanda pansi pa chipewa, nayang'ana mnzawo, nayang'ananso mayiwo. "Mapemphero ayankhidwatu," anatero. "Ndikawauza anyamata ku kalabu kuti ndaona ndi maso anga. Koma mowa ugula ndiwe."

Likhweru linaliranso, wapolisi napita kukasaka ena.

A Clarrie anadzakhala pa benchi, natola tizidutswa tija ndi nsonga ya chala n'kutiika m'kabotolo kamene anakhala akuyenda nako m'thumba kopanda kanthu chiyambire. Anakakweza padzuwa.

"Mumasiya mchenga wambiri," anatero motsitsa mawu. "Koma dzanja muli nalo."

"Sindikudziwa zimene mukunena."

"Mawondo angawa anatopa kalekale, Beryl. Kungoti pa anyamata aja ndikanayambira pati? Tiyeni tikadye payi, kenako mumuimbire Narelle akonze chipinda."

A Beryl anapinda juzi, naliika m'chikwama, naimirira. Koma m'malo molowera kumsewu wa mapayi, maso awo anali pamlatho, pamene banja lina linali litangochoka n'kusiya malo abwino.

"Tandibwerekani mbale yanuyo."

"Ya chiyani?"

"Kamodzi kokha. Pali pena pake sindinatape bwino."

Kamodziko kanakhala kambiri. A Clarrie anatsala pa benchi ndi chikwama cha zoluka pamiyendo, akudzithirira tiyi wa m'fulasiki ndi kuingitsa ntchentche ndi chipewa. Ngolo ya mahatchi inadutsa, inabwerera, inadutsanso.

"Mayi a Narelle, mapayi atha kumeneko!"

"Dikirani, musandisokoneze." Anapendeketsa mbale, nayang'anitsitsa. "Paja kuchokera ku Perth kukafika kumigodi ya golide ya ku Kalgoorlie ndi kutali bwanji?"

"Tikupita kukaona mwana," anatero a Clarrie.

"Ndangofunsa," anatero a Beryl, akutapanso mchenga.