Pomwe Amafika Madzi a ku Farakoro

Tauni ya Farakoro yaika kale maliro a milatho itatu, ndipo Sekouba, mkulu woolotsa anthu pa bwato, analira nawo onsewo uku kumtima kukuvina.

Woyamba anamanga Afalansa, mtsinje nkuusenza ngati mtolo wa nkhuni. Wachiwiri unali wa boma. Anautsegulira ndi ng'oma, ng'ombe ziwiri nkuferapo, koma mvula yachitatu unapita limodzi ndi lole ya mchere. Wachitatu inali mphatso ya azungu achifundo. Nsanamira zake zikadalipo, amayi amayanikapo nsalu.

Mankhwala a Sekouba, omwe anamusiyira bambo ake, anali kunena zoona. Injiniya aliyense ankafunsa kuti madzi akakwiya amafika pati. Iye ankaloza mphanda ya mkuyu wa padoko, pamwamba penipeni. Wophunzirayo ankayang'ana mphandayo, nkuyang'ana ming'alu ya kumapazi kwa Sekouba, nkuseka, nkukamanga motsata mapepala ake. Mtsinje unkamaliza zotsalazo, anthu nkubwerera m'bwato.

Ndiye atafika injiniya wachinayi, mtsikana wowonda dzina lake Djenabou, Sekouba analoza mphanda ija osasiya kutafuna mtedza wake wa kola.

Mtsikanayo anavula nsapato, nakwera mumtengomo ndi chingwe choyezera. Atatsika anayamba kulemba.

"Mwanawe, ukulemba chiyani?"

"Zomwe mwanenazi, bambo."

"Anzako aja sankalembatu."

"Nchifukwa chake ndabwera ine."

Kola anawawa mkamwa mwa Sekouba. Mlatho wosagwa ndiye kuti bwato likhala chodyeramo abakha.

"Aaa, ukalambawu," anatero. "Maso anatha awa. Ndimati ndiloze apa, m'chiuno mwa mtengomu."

"Bodza!" Anali Nantenin, mkazi wake, yemwe ankakazinga nsomba chapafupi. "Chaka cha mchere chija si inu munakhala masiku awiri pamwamba pa mphandayo, mutakumbatira mbuzi ya eni ake, mukuitana malemu amayi anu?"

"Mkazi iwe, mlathowo ukaima udzadya chiyani?"

"Ndidzakagulitsa nsomba kutsidya ndi miyendo yangayi. Zaka makumi anayi mumandikweza pomalizira, nkhosa zitakhala kale pabwino."

Djenabou anafufuta nambala ija, nalemba ina yokwererapo. Sekouba anakhala pansi pamchenga.

"Basi wandipha, mwanawe. Bwato la bambo anga ndiwaze nkhuni?"

Mtsikanayo anapinda pepala lake mosamala, nalilowetsa m'chikwama.

"Nkhwangwa isungeni kaye, bambo. Pepalali lipita ku likulu. Kumeneko kuli mabwana asanu oti asaine, ndipo sindinaonepo ngakhale mmodzi akuwerenga zolemba mtsikana mpaka kumapeto."

Sekouba anadzuka, nasasa mchenga kumkanjo wake. Anatulutsa kola wina, woyera, wa alendo olemekezeka, nanyemera mtsikanayo theka lalikulu.

"Mulungu awapatse moyo wautali mabwanawo," anatero. "Kwera, ndikuolotse. Ukhale kutsogolo."