Loweruka Tikupita ku Orta

Ndinamupeza atayala mapu pa tebulo lodyera, magalasi ali pamphuno, chala chikutsata msewu wochoka ku Novara kuno kukwera kumpoto.

"Loweruka tikupita ku Orta," anatero Tullio osadzutsa mutu. "Tikaone nyanja."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa mbale. Mwamuna wanga ameneyu, chikwatiraneni, anali asanandipititseko kokayenda. Ku Orta ndi pafupi, ola limodzi pa galimoto, koma ndikati tikaoneko ankandiyankha kuti nyanja ndi madzi basi, ngati ndikufuna madzi ndikaime m'munda wa mpunga udzudzu undilandire. Ndiye lero mapu? Ndinamufunsa ngati wamwa. Anati ayi, wangoona kuti kunja kwacha bwino. Kunjako kunali chifunga choti ngakhale geti silinkaoneka.

Pomwepo ndinayamba kukayikira. Masabata angapo m'mbuyomo adokotala anali atandidula kanyama m'bere la kumanzere, pomwe panali kachotupa, n'kukatumiza kokayeza. Zotsatira zinali zisanabwere, kapena ndinene kuti kwa ine zinali zisanafike. Ife akale timadziwa mmene zimayendera kuno: wodwala sauzidwa. Adokotala amaitanira mwamuna kapena mwana pakhonde, amanong'onezana, kenako pakhomo pamayamba chikondi chachilendo. Amayi anga, bambo anga anawatengera kugombe la nyanja ku Liguria, anawagulira chipewa cha dzuwa, iwo akumwetulira osadziwa kanthu. Mwezi usanathe tinawaika m'manda.

Sabata imeneyo Tullio anakonza ulendowo ngati ukwati. Anaimbira foni kanyumba ka alendo n'kupempha chipinda choyang'ana kumadzi, osafunsa ndi mtengo womwe, munthu woti amandizimitsira magetsi ndili m'bafa. Anafunsa za kabwato kopita pa chilumba chimene pamakhala masisitere, anafunsa kodyera nsomba yokazinga, anafunsanso ngati msewu wokwera ku timatchalitchi ta paphiri ndi woti munthu wotopa angauthe. Munthu wotopa! Ndinamva mawuwo ndili kuseri kwa chitseko. Akandifunsa chimene ndikufuna kukaona, ndinkangoti chilichonse. Zoona zake, ndinkaopa nyanja imeneyo kuposa mpeni wa adokotala.

Lachitatu kunatulukira Loredana, mwana wathu mmodzi yekhayo, kuchokera ku Torino. Pakati pa sabata, osaimba ndi foni yomwe. Anati watenga tchuthi, nayenso apita nafe. Anandikumbatira nthawi yaitali, kenako analowa m'bafa n'kutsegula mpopi. Madzi anathamanga, anathamanga. Atatuluka maso anali psuu.

Ndinamugwira pamkono. "Iwe, ndinakubereka ndine. Ndiuze. Ndikufa?"

"Amayi, musamalankhule choncho. Ndi chimfine chabe."

Sanandiyang'ane. Anayang'ana bambo ake, amene anali kalikiliki kupinda mapu, akuwapinda molakwika.

Ine si munthu wodikira kuti ena andimalizire nkhani. M'mawa mwake ndinati ndikukagula buledi, n'kulunjika kwa adokotala athu. Ndinakhala pa benchi chikwama chili pamiyendo. Nditalowa sindinapereke ndi moni. Ndinawauza kuti ndine wamkulu, ndaika m'manda makolo anga onse, asandinyengerere ngati khanda.

Adokotala, mtsikana wa msinkhu wa Loredana, anayang'ana pa kompyuta n'kumwetulira.

"Mayi Ornella, mulibe vuto. Kanali kamafuta chabe. Ndinawauza amuna anu atabwera sabata yatha. Sanakuuzeni?"

Ndinalira, ndinaseka, ndinawapsompsona dzanja iwo akukana. Ndinatuluka thupi lili pepuu, ndikumutukwana Tullio chamumtima kuti nkhalamba yoiwala, ikandiona lero. Ndinagula buledi, ndinagulanso keke yonse yathunthu.

Ndinaima pa mphambano ya kwathu, keke ili m'manja. Atabwera sabata yatha? Tullio kwa adokotala? Munthu amene anadzizula yekha dzino ndi pulayazi poopa chipatala? Akanandiuza za bere langa, ndikanamufunsa chimene anakachitako. N'chifukwa chake anangoti zii. Nanga misozi ya Loredana inali ya ndani? Mantha amene anandichoka aja anabwerera, koma tsopano anali aakulu, ndipo ndinalibe pothawira.

Tullio ndinamupeza m'galaja, atatsegula zitseko zonse za galimoto, akupukuta galasi la kutsogolo. Ataona keke sanafunse. Anailandira n'kuiika pa shelefu, pakati pa zitini za oilo.

"Lowa uku," anatero, akuloza mbali ya dalaivala.

Ndinamukumbutsa kuti laisensi ndili nayo, inde, koma chiwongolero ndinachisiya Loredana ali ku pulaimale, chifukwa iye yemweyo ankandikalipira kuti ndikumuphera injini. Anati zimenezo n'zakale. Anati msewu wa ku Orta ndi wabwino kuphunzirirapo, uli ndi pokwera, pokhota, ndi poimika povuta, munthu akautha umenewo angathe kupita kulikonse yekha.

Ndinakhala pansi. Mpando anali atausendeza kale kutsogolo, ndendende muyezo wa miyendo yanga. Iye anazungulira pang'onopang'ono, akugwirira denga la galimoto, n'kukhala mbali imene ndakhala ine moyo wanga wonse.

"Tullio, akudwala ndani m'nyumba muno?"

"Ponda kilatchi."

"Ndakufunsa."

"Tikakambirana ku Orta, pa madzi ako aja. Panopa ponda kilatchi, mayi iwe, mpaka pansi."

Ndinaponda. Anaika dzanja lake pamwamba pa langa kuti andisonyeze giya yoyamba. Dzanja lija, limene linkanditswanya zala tikagwirana, linali lopepuka ngati la mwana, ndipo pamene tinakankha giya, mphete yake yaukwati inatsetsereka pachala n'kugwera pakati pa mipando.